Mizere ya pa Miyendo Yanga

Ndinabadwa woyera khungu, kutengera amayi anga a ku Petauke. Ku Kafue Estates kumene ndinakwatiwa, kuyera kunali kosiririka, moti azimayi ena ankagula mafuta ku msika kuti afike pamene ine ndinangobadwira. Koma khungu loyera silibisa kanthu. Udzudzu ukaluma, msewu wonse umaona. Nditabereka mwana wanga wamkazi, kuseri kwa mawondo ndi m'mbali mwa miyendo kunatuluka timitsempha ting'onoting'ono, tina tofiira, tina tobiriwira, tomwazikana ngati mizu ya kapinga. Sitinkapweteka. Ndinkavala chitenge, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zinasintha m'zaka zimene boma linayamba kugulitsa makampani. Amuna anga ankagwira ntchito ku fakitale ya feteleza, ndipo tsiku lina anabwera masana dzuwa lili pamutu, ovolosi itapindidwa kukhwapa. Anali atachotsedwa pamodzi ndi anzawo ambiri. Kuyambira pamenepo ankakhala pa khonde ndi wailesi, kudikira kuti mwina adzaitanidwanso. Ine ndinali ndi kasukulu pang'ono, ndipo ndinapeza ntchito ku Lusaka, m'shopu yaikulu yatsopano ya anthu akunja. Ndinkakwera minibasi m'mawa, n'kubwerera madzulo. Ndinaikidwa kutsogolo, pogulitsa mafuta odzola ndi zonunkhiritsa, chifukwa cha khungu lomweli.

Yunifomu yathu inali siketi yolekeza m'mawondo ndi masitokini opyapyala. Tinkaima tsiku lonse, mpando kunalibe. Timitsempha tija tinachuluka. Kapitao wathu anali mayi wa ku Lusaka komweko, wa milomo yofiira, amene ankatiyendera m'mawa uliwonse ngati asilikali. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Iwe wa ku Kafue," anatero pamaso pa anzanga, "miyendo yako ioneka monga mapu ya Zambia. Mitsinje yonse ilipo. Kuno kutsogolo tifuna bakazi bosalala. Ngati siungakonze, kumbuyo kuli makatoni."

Anzanga anaseka, chifukwa masiku amenewo kapitao akaseka, nawenso umaseka. Kunja kwa geti kunkakhala atsikana ambiri odikira malo athu. Mnzanga wina anandinong'oneza za kiliniki ya eni ake, imodzi mwa zambiri zimene zinkatseguka m'nyumba zakale za azungu. Anati kuli dokotala amene amalasa timitsempha totere ndi nyeleti, ndiye kuti jakisoni, n'kuzimirira.

Ndinawauza amuna anga. Anati, "Ngati ni ya nchito, yendani." Ndikunena zimenezi chifukwa cha zimene zinadzachitika. Ankadziwa. Ndinawauza ndisanapite.

Dokotalayo anali mayi wachikulire, wolankhula pang'onopang'ono. Anandigoneka chafufumimba, n'kuyatsa nyale yowala pa miyendo yanga. Nyeleti yake inali yaing'ono ngati tsitsi. Ikalowa, mankhwala ankaluma ngati linthumbwi, ndipo ndikatembenuza mutu ndinkaona kamtsempha kakuyera n'kusowa pomwepo. Ndinasangalala ngati mwana. Koma iye anandichenjeza. Anati pa khungu la ife anthu akuda, ngakhale oyererako, nthawi zina pamene padutsa mankhwala pamada kaye pasanapole. Ndinamva, koma sindinasunge. Anamata thonje pamabala, anakulunga miyendo yonse ndi bandeji yothina, n'kundiuza kuti ndiziyenda, ndisamakhale padzuwa, ndisamasambe madzi otentha.

Tsiku lomasula bandeji, amuna anga ndiwo anagwira nsonga yake, ine ndikuzungulira pakati pa chipinda. Tinaseka. Pansi pake panali mikwingwirima yofiirira, ndipo iwo anati, "Monga nakumenyani." Tinasekanso.

Mikwingwirima inasanduka yachikasu, kenako inatha. Koma pamene panali timitsempha panatsala mizere yoderako, ndipo mmalo mofufuma inkangodabe. Penapake mizere inakumana n'kupanga mawanga akuda ngati chidindo cha chala. Kuseri kwa bondo lamanzere kunali timibulu tolimba, topweteka ndikakhudza. Ndinabwerera kwa dokotala ndili ndi mantha. Anabaya timibuluto, n'kufinya magazi akuda, olemera ngati manyuchi. Anati magazi otsalira m'mitsempha yakufa ali ndi chitsulo, ndipo chitsulocho chimadetsa khungu monga mmene msomali wadzimbiri umadetsera khoma. Anati thupi lidzachotsa lokha, koma mosafulumira, mwina miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka.

Kapitao sanadikire chaka. Anaona mawanga kupyola masitokini, anakwinya mphuno, ndipo mawa lake ndinali kumbuyo ndi makatoni. Ndinkaganiza kuti chilango changa chathera pamenepo.

Amuna anga anali ndi mlongo wawo wamkulu, amene ankakhala misewu ingapo kuchokera kwathu. Ine ndinkawatcha ba mulamu. Anali atangolowa mpingo watsopano umene unkasonkhana m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina yotsekedwa, ndipo kuyambira pamenepo ankaona ziwanda pena paliponse. Ntchito yanga sanaikonde chiyambire. Ankati mkazi amene amakwera basi tsiku lililonse atadzola zonunkhira, mwamuna wake ali pa khonde, ali ndi zimene amatsata ku Lusaka.

Loweruka lina ndinkachapa pa mpope kuseri kwa nyumba, chitenge nditakwinyira m'mwamba. Sindinawamve akubwera.

"Mulamu, imani. Musachoke. Ni chani ichi?"

"Ni nyeleti, ba mulamu. Banilasa pa mitsempha ku kiliniki."

"Nyeleti?" Anawerama, manja atabisa kumbuyo kuti asandikhudze. "Ise tinalasiwa manyeleti kuchokera tili bana. Sininaonepo nyeleti yamene isiya mabala so."

Muyenera kudziwa mmene Kafue inalili nthawi imeneyo. Sabata sinkatha popanda maliro mumsewu wina. Matendawo sitinkawatchula dzina, tinkangoti kaliondeonde, kapena matenda aja. Ndipo aliyense, ngakhale wosaphunzira, ankadziwa zizindikiro zake: kuonda, tsitsi kupyapyala, ndi mawanga akuda pa miyendo. Tinali titawaona pa anthu amene tinkawasambitsa tisanawaike. Ine ndemwe, ndikayang'ana miyendo yanga pagalasi, ndinkaona kufanana kwake.

Mawa lake masana, atatuluka ku tchalitchi, ba mulamu anabwera ndi azimayi awiri a mumpingo wawo. Anakhala pa mipando yanga, ine n'kundiimika pakati.

"Kwezani chitenge."

"Ba mulamu, nakuuzani kale."

"Kwezani, baone bamene badziwa."

Ndinakweza. Anandiuza kuti nditembenuke, ndinatembenuka. Mmodzi wa azimayiwo anati, "Yesu," n'kugwira pakamwa. Wina anati mng'ono wake anayamba chimodzimodzi, ndipo sanaone mvula yotsatira. Ankalankhula ngati ndatuluka m'chipindamo.

Amuna anga anali atakhala pakhomo, akupukuta jombo zawo za ku fakitale zimene sankazivalanso. Ndinawayang'ana.

"Batate bake mwana, kambani. Si ndimwe munanigwirira bandeji?"

Anapitiriza kupukuta. Anathira mate pansalu, n'kupukutanso kunsonga kwa jombo. Kenako anati, osakweza mutu, "Ine zamene muchita ku Lusaka sinizidziwa."

Mawu amenewo ndawatembenuza m'mutu zaka zambiri. Sindikhulupirira kuti anaganizapo kuti ndikudwala. Ndikuganiza kuti munthu amene wakhala pa khonde nthawi yaitali, akudya nshima ya mkazi, anthu akumuseka, anapeza tsiku limene msewu wonse unamumvera chisoni iye, n'kundiyang'ana ine pansi. Ndipo analikonda tsikulo.

Mwana wanga anali ndi zaka zoyambira kufunsa chilichonse. Madzulo omwewo ba mulamu anamutenga, ndi zovala zake m'pepala la pulasitiki. Anati mwana ndi wa kwawo, sangamusiye kuti azipuma mpweya wanga. Ndinagwira dzanja la mwanayo, iwo anagwira linalo, ndipo atayamba kulira ndi ululu, ine ndinasiya. Makolo anga anali atabwerera kum'mawa atate atapuma ntchito ya njanji. Ku Kafue ndinalibe wondiimira.

M'nyumba munabwera malamulo. Kapu yanga inamangidwa ulusi wofiira pa chogwirira. Mbale yanga inkakhala pawindo, yokha. Amuna anga anasamutsira bulangeti lawo pabalaza. Mayi wa pafupi amene ankandiluka tsitsi anayamba kudwala zala tsiku lililonse limene ndinkamufuna. Bambo wina ankabwera panjinga ndi nsomba za ku Chanyanya, mudzi wa asodzi, ndipo azimayi tinkazungulira dengu lake, aliyense akutembenuza nsomba kuona mphuno zake. Tsiku lina nditatambasula dzanja, mayi wina anandipatsa kamtengo.

"Sontani chabe na aka, bazakuikirani."

Ndinaloza ndi kamtengo. Ndinagula nsombayo, ndinaiphika, amuna anga anadya mutu wake.

Pakuti chakudya changa chokha sichinkadwala. Kumapeto kwa mwezi ndikabwera ndi thumba la ufa, ba mulamu ankatumiza beseni kuti ndiwapungulire, poti akusunga mwana wanga. Shuga, mafuta, sopo, zonse zinkalandiridwa. Ndinawafunsapo kuti bwanji ufa wogwidwa ndi manja angawa sakuuopa. Anati moto umapha zonse.

Ndinapempha amuna anga kuti tipite tonse awiri tikapimitse magazi. Anakweza buluku lawo mpaka m'mawondo, n'kundionetsa miyendo yawo yakuda, yosalala. "Ine nili bwino. Wamene adwala ndiye ayenda ku chipatala." Ndinapita ndekha, ndipo a ku chipatala anandiuza kuti ndilibe kanthu. Nditakawauza ba mulamu, anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati masiku ano chilichonse chikugulitsidwa, mafakitale, nyumba, njanji, nanga dokotala angakanike bwanji kugulidwa ndi mkazi wokongola.

Chisoni chinandilanda njala, ndinaonda. Kuondako kunakhala umboni wachiwiri. M'minibasi ya m'mawa, imene tinkapanikizana ngati kapenta, pambali panga pankatsala malo. Kondakitala ankachita kukalipa kuti wina akhalepo.

Mwana ndinkaloledwa kumuona Lamlungu masana, pabwalo, osamunyamula. Ndinkamubweretsera mabisiketi osweka a ku shopu. Tsiku lina akudya anandiyang'ana bwinobwino.

"Mami, muzafa liti?"

"Ndani akuuza kuti nizafa?"

"Ba anti. Bakamba ati mukafa, ine nizankhala kuno, na mashini yanu izabwera kuno."

Makina osokera amenewo anali mphatso ya amayi anga pa ukwati. Ba mulamu sanadikire kuti ndife. Ndinabwera ku ntchito tsiku lina n'kupeza pamene ankakhala pali malo oyera pasimenti. Amuna anga anati mlongo wawo wangowasunga kuti achibale anga asadzawalande pamaliro. Sabata yotsatira ba mulamu analowa kuchipinda kwanga ine ndilipo, anatulutsa nsapato zanga za tchalitchi, anazithira mankhwala ochapira m'chimbudzi, anaziumika padzuwa, n'kuziyesa pamaso panga. Zinawathina. Anazitengabe.

Nthawi yonseyi miyendo inkachita ntchito yake mwakachetechete. M'mawa uliwonse posamba ndinkaiyang'ana, ndipo tsiku ndi tsiku sindinkaona kusintha. Ndinkaona pokhapokha ndikakumbukira mmene inalili mwezi wapitawo. Mawanga anayamba kufufuma m'mphepete, ngati tiyi amene akuthiridwa mkaka pang'onopang'ono. Akuda anasanduka ofiirira, ofiirira anasanduka otuwa. Mizere yaitali inaduka pakati, n'kukhala timadontho. Khungu linkayabwa kwambiri nthawi yozizira, ndipo ndinkaluma mano kuti ndisakande, poopa kudetsanso. Mvula inagwa, inatha, kunazizira, kunatentha. Mvula yachiwiri isanafike, mwendo wamanja unali utayera wonse. Kumanzere kunatsala mzere umodzi kuseri kwa bondo, umene ulipo mpaka lero. Timitsempha tija tinali titapitadi. Dokotala sananame pa chilichonse. Njala inabwerera, thupi linabwerera.

Ndinkaganiza kuti ba mulamu akaona adzachita manyazi. Ndinkakonza m'mutu mmene ndidzawayankhire akadzabwera kudzapepesa. Ndinachapa dala pa mpope chitenge chili m'mwamba, Loweruka ndi Loweruka, mpaka ba mulamu anaona.

Anaima. Anayang'ana. Kenako anakweza manja kumwamba n'kuyamba kufuula m'malilime, akuzungulira mpope, mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo.

Zinapezeka kuti miyezi yonseyi ankanditchula ku tchalitchi kwawo, pamaso pa mpingo wonse, kuti mlamu wawo wa chiwerewere cha ku Lusaka ali pafupi kufa, amupempherere. Anali atasala kudya chifukwa cha ine. Tsopano yankho linali litabwera.

Abusa awo anali mnyamata amene kale ankalemba za malipiro ku fakitale ya nsalu. Anabwera kwathu atavala suti yonyezimira, anakhala pampando, anakana tiyi. Anati Mulungu wachita chinthu chachikulu mu Kafue, ndipo sichingabisike. Ndiyenera kukaima kutsogolo Lamlungu ndi kuchitira umboni.

"Ba pasta, ine sininadwalepo. Inali nyeleti."

Anamwetulira, n'kuyang'ana ba mulamu. "Mwaona? Chiwanda chikachoka chisiya kunyada."

Ba mulamu sanamwetulire. Anati, "Mulamu, mverani. Mukakana umboni, ndiye kuti matenda akali mukati, yabisala chabe. Mwana sangabwere mu nyumba ya munthu wamene akana Mulungu. Mukaima kutsogolo, Sande yamene iyo mumutenga."

Ndinayang'ana amuna anga. Ankazungulitsa kabatani ka wailesi yozimitsa.

Lamlungu ndinaima kutsogolo. M'nyumbamo munali mukununkhabe mafuta a makina, ndipo anthu anadzaza mpaka pakhomo, ena ochokera ku Chanyanya, chifukwa mbiri inali itayenda. Abusa anandiuza kuti ndikwere pa benchi. Ba mulamu ndiwo anakweza chitenge changa, nthawi ino akundigwira ndi manja onse awiri, akusisita miyendo yanga kuti anthu aone kuti saopa. Ananditembenuza uku ndi uku. Amuna achilendo anaimirira kuti aone bwino. Abusa anafotokoza moyo wanga wa ku Lusaka, mahotela amene sindinalowemo, mabwana amene sindinawaonepo nkhope. Kenako anandiika cholankhulira pakamwa.

"Kambani, mayi. Munali bwanji?"

Mwana wanga anali pa benchi yoyamba, atavala diresi limene linasokedwa pa makina anga.

"Ninali wodwala," ndinatero.

"Manje?"

"Manje napola."

Ng'oma zinalira, azimayi anagwa pansi. Amuna anga anaitanidwa kutsogolo, ndipo abusa anawayamika monga mwamuna wopirira amene sanathamangitse mkazi wochimwa. Anthu anawaombera m'manja. Iwo anawerama modzichepetsa.

Mwana ndinabwera naye tsiku lomwelo. Panjira anakana kundigwira dzanja, anagwira nsonga ya chitenge. Kunyumba nditamupatsa madzi, anayang'ana kaye chogwirira cha kapu. Ndikamupsompsona ankapukuta tsaya ndi mkono, osati mwamwano, koma mosamala, monga anaphunzitsidwira. Amuna anga anabweza bulangeti lawo kuchipinda ngati munthu wobwera ku ulendo, n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino. Makina osokera sanabwerere.

Patapita masiku, mayi wina wachikulire anagogoda pakhomo. Sindinkamudziwa. Anali atayenda pansi kuchokera kufupi ndi mtsinje. Anagwada pakhonde langa, ine mwana kwa iye, n'kunena kuti mwana wake wamwamuna ali ndi mawanga omwewo, afika mpaka m'kamwa. Ankafuna kudziwa kuti ndinasala bwanji, ndinadzola mafuta ati, ndinanena mawu ati popemphera.

Ndinamudzutsa, ndinamukhazika pampando, ndinamuuza zonse. Za shopu, za kapitao, za nyeleti, za chitsulo cha m'magazi. Ndinamuonetsa mzere wotsala uja. Ndinamupempha kuti atengere mwana wake ku chipatala, kuti ngakhale sangachire, amuchepetsere ululu.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaimirira, anamanga chitenge chake bwinobwino.

"Mwapola imwe, manje mufuna kutseka chitseko kuti bena basalowe," anatero. "Mulungu akuonani." Analavula pakhonde, n'kumapita.

Sindinakhalitse ku Kafue pambuyo pake. Ndinapeza kachipinda ku Lusaka, ndipo tsiku lina amuna anga atapita kukafunsa za ntchito, ndinatenga mwana ndi chikwama. Sananditsate. Anangotumiza uthenga ndi kondakitala wa minibasi, wofunsa ngati ufa wa mwezi umenewo ndidzatumiza.

Mwana wanga anakula, anaphunzira, ndi mayi tsopano. Ku Kafue ankapitako patchuthi kukaona atate ake ndi azakhali ake, ndipo sindinamuletse. Ali ku sekondale, tsiku lina tikusenda mbatata, anandifunsa mosandiyang'ana.

"Mami, ni zoona kuti munali nayo, ija matenda?"

Ndinaika mpeni pansi, ndinamufotokozera kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, osasiya kanthu. Anamvetsera mwaulemu, akusendabe.

"Oho," anatero nditamaliza. Anatola mbatata ina. "Koma musadandaule, mami. Ine siniuzako munthu."